Mayi Woyasamula

Lachinayi usiku. Mvula ya ku Porto
ikugogoda windo ngati wodzatenga ngongole,
ndipo pa TV aika filimu yakale ija,
yopanda mitundu, yothetheka mawu,
ya nduna yamimba imene inapita kukatsegulira mlatho
pamalo pamene panalibe mtsinje.

Graciete akusenda mbatatesi pamiyendo.
Osadzutsa mutu akuti, "Abílio, ndi yako ija."
Ine duu.

Anthu anaionera ndi maso filimuyi.
Ine ndinaidziwa ndi zala.
Ku Lisbon, m'chipinda chopanda windo,
ndili ndi zaka makumi awiri ndi zitatu,
ndinkakhala kumbuyo kwa bwana Valdemar,
iwo pensulo kukhutu, ine sizasi m'manja.
Akatsokomola kamodzi, ndiimitse makina.
Akati "apa", ndidule.
Malipiro ake ankagula nsapato, lendi,
ndi bakayawo wa Lamlungu.

Taonani nduna yapisa m'thumba,
yatulutsa pepala lolakwika,
ikuwerenga mokweza zimene mkazi wake waituma kumsika:
anyezi, sopo, mabatani a kabudula wamkati.
Khamu m'manja phwaphwaphwa pa anyezi,
m'manja pa sopo,
mtolankhani akulemba mpaka thukuta kamukamu.

Izi bwana Valdemar anaseka mpaka kupukuta magalasi.
"Zisiye," anatero. "Munthu akaseka amagona msanga."

Chimene chinawatsokomoletsa n'china.
Kumzere wachiwiri, kumanzere kwa woimba lipenga,
kunali mayi wa mpango wakuda, dengu pamkono,
amene sanaombe m'manja.
Anangoyasamula.
Kukamwa yasa, mano atatu okha,
maso ali pa nduna, osaphimba n'komwe pakamwa.

"Uyo," anatero bwana. "Nthabwala tingapirire.
Koma dziko likaphunzira kuyasamula, tathera pomwepo."

Ndinadula. Kachidutswa kotalika ngati lamba wa buluku.
Lamulo linali loti ndikatenthe,
koma ndinakakulunga m'chitini cha polishi,
ndipo zaka zonsezi, Graciete akagona,
ndimakaunika pa babu la kubafa:
timayi makumi asanu ndi limodzi tondondozana,
kalikonse kukamwa kokulirapo pang'ono.
Sindinamuonepo akuyenda kuyambira tsiku lija.
Dzina lake silili pa mndandanda wa osewera.
Mwina anangodutsa akuchokera kogula nsomba.

Akuti kope lathunthu analipeza kunja,
m'nyumba ya munthu amene anathawa nalo m'sutikesi.
Ndiye lero palibe chodula.
Ndasendera kutsogolo, mawondo akulira,
nduna yafika pa mabatani,
lipenga lakwera, kamera ikutembenuka,
mpango uwo, dengu ilo,
milomo yayamba kulekana

ndipo mtsikana wa mano oyera mbee
akundiuza za sopo wochapira mbale
wonunkhira mandimu.

Ndatukwana mawu amene sindinatchulepo m'nyumba muno.
Graciete waseka mpaka mbatatesi yagubuduka
kukalowa pansi pa kabati.
"Waona? Ntchito yako sinafe.
Angosintha wogwira sizasi."

Sopo, galimoto, inshuwalansi ya maliro,
mankhwala a msana.
Filimu ikubwerera nduna ili kale m'boti,
ikupalasa fumbi pansi pa mlatho wake,
apolisi akukankha kumbuyo.
Mayi uja wapita. Ngati anamaliza kuyasamula,
wamalizira kuseri kwa mandimu.

Mdzukulu wathu Benedita akuti pa foni yake
angandipezere malo omwewo, ndionere kakhumi.
Ndamuuza kuti mawa.
Ndakhala ndikunena mawa kwa anthu ambiri.

Pansi pa msewu basi yomaliza yadutsa yopanda munthu.
Graciete waika mpeni m'mbale,
wayang'ana nduna ikugawa mamendulo kwa asodzi a fumbi,
kenako, osaphimba pakamwa,
wayasamula yaitali, yaulesi, ya zaka makumi asanu ndi limodzi za ukwati.

Zala zanga ziwiri zatseguka zokha pa bondo.
Ndazikhalira.