Chishalo cha Munthu Mmodzi

Lufeyo anafika Lachiwiri, ndalama za mtedza zikadali zotentha m'thumba,
akukankha chinjinga chamoto chachitali msana,
chogula kwa dalaivala wa thiraki pa Mwami.
Ine ndimasoka masofa pa Kamwendo, kuseri kwa chigayo.
Za injini sindidziwa.
Ndimadziwa pokhalira munthu.

"Amisiri," akutero, "ndisokereni chishalo cha munthu mmodzi.
Mmodzi basi.
Ndatopa n'kuimitsidwa pamsewu:
akabaza, ku Tembwe ndi zingati?
Dzana mayi wina anakweza thumba la soya
ine ndisanazimitse n'komwe."

Ndinamukhazika pa katoni,
n'kuzunguliza choko m'mbali mwa buluku lake.
Anaseka. Ine ayi.
Muyeso si nthabwala.

Sabata yonseyo njingayo inakhala maliseche pansi pa mtengo wa keshya.
Gelesomu wowotcherera anadula madigadi akumbuyo
mpaka teyala linaonekera lonse, lonenepa, lopanda manyazi.
Foloko yaitali inachokera ku Chipata
itakulungidwa m'chitenje chakutha,
bawuti imodzi itasowa panjira.
Anaika ya ngolo.
Mahandulo anakwera ngati nyanga za ng'ombe yokoka,
nyali yozungulira, yonga mbale ya ndiwo,
kaliyala anamuponya padenga la shedi
pomwe pali mafupa a njinga zina.

Ine changa chinali siponji iwiri yomata,
chikopa chakuda cha sofa ya ku ofesi,
ndi ulusi wofiira, msoko wake wowirikiza.
Usiku ndinkasoka ndi tochi kukamwa.

Tsiku lonyamuka, ana anathamangira fumbi lake mpaka pa sikelo.
Palibe anakweza mkono kumuimitsa.
Ankadutsa ali chagada, manja m'mwamba,
ngati munthu wogonja amene wakondwa n'kugonjako.

Kenaka mvula.
Madigadi odula aja anamulemba mzere wa matope
kuchokera m'chiuno mpaka m'khosi,
tsiku ndi tsiku, ngati siginecha.
Pa bawo ankamutcha Kanyimbi.
Iye phee, kumangopukuta thanki ndi mpango.

Mwezi wa Epulo, dzuwa litapendeka,
ndinamva kugunda kuja kuseri kwa chigayo.
Sanatsike msanga.
M'manja anali ndi chidutswa cha madigadi,
chija Gelesomu anadula,
dzimbiri litayamba kale kuchidya m'mphepete.
Kani anasunga.

"Amisiri, kumbuyoku...
kampando kakang'ono chabe.
Koti n'kumachotsa."

Sindinafunse.
Ndinatenga katoni ndi choko, n'kuyang'ana kumsewu.
Apo pataima mayi wa chitenje chobiriwira,
mikono yozolowera kunyamula,
akuwerenga ndalama za soya ngati nkhaniyi sikumukhudza.
"Ndi Dailesi," anatero Lufeyo, akuyang'ana teyala.
"Uja wa thumba."

Dailesi pa katoni anakana kukhala.
Anati muyeso wake audziwa yekha,
natambasula zikhato ziwiri, n'kuwonjezera zala zitatu.
"Ndipo chikhale cholimba.
Zochotsachotsazo ayi."

Gelesomu analipiritsa kawiri:
kudula, n'kulumikizanso pomwe anadula.
Chipsera chake chikuoneka mpaka lero, penti inalephera kubisa.

Ulusi wofiira unali utandithera.
Ndinasokera wobiriwira.
Lufeyo sanaone kusiyana.
Dailesi anayendetsa chala pamsokowo,
n'kundiyang'ana kamodzi,
n'kukwera.