Kuya Kwake Kukhale Bwanji?

Alufandika wakankhira magalasi owotcherera pamphumi,
choko m'dzanja, lata lagona pa fumbi la Moatize.
Akuti, "Utali ndamva, m'lifupi ndamva.
Nanga kuya kwake kukhale bwanji, amesitiri?"
Ndayang'ana lata, ndayang'ana mkono wanga.
Sitima ya malasha yadutsa yonse, ngolo ndi ngolo,
ine ndisanayankhe.

Zaka khumi ndi zisanu ndanyamula bokosi la malemu Fulujensiyo,
lobiriwira, la zipolopolo, lotsala pa nkhondo.
Adalitola kuthengo, nalitsuka ndi dizilo,
nandisiyira pamodzi ndi ngongole zake.
Nlakuya ngati chitsime cha m'chilimwe.
Limameza chilichonse, kubweza ndiye mlandu.
Nyundo pamwamba, pulayala pakati,
ndipo pansi penipeni, m'matope a girisi ndi mchenga,
mawashala, mabawuti amasiye,
ndi sipanala nambala teni, kamwana kosamva kuitana.

Usiku wina thiraki ya mbatata yochokera ku Tsangano
idafera pa chitunda cha ku Zobwe.
Dalaivala akuunika ndi foni yotsala pang'ono kuzima,
ine ndidapisa mkono mpaka m'khwapa.
Chidandilandira ndi mpeni wa sowo.
Ndidakhuthulira zonse pa phula, magazi akudontha,
teni osaoneka.
Mbatata idafika ku Tete dzuwa lili pamutu,
chipsera nachi, chikadali pano.

Koma losaya nalonso ndidaliona.
Mnzanga Sitoliyo adagula lofiira, lonyezimira,
m'sitolo ya kutsidya kwa Zambezi,
losaya ngati mbale ya ndiwo.
Chivundikiro chimakana kutseka pa chokokera mabeyaringi,
amalimanga ndi mphira ngati katundu wa pa njinga.
Lidasanza pa bampu ya ku Matundo,
masoketi mbwee, ana akutola ngati masawu.

"Ndipatseni chokocho."
Ndagwada, bondo lalira.

Chipinda cham'mwamba: zala zitatu basi.
Masipanala agone mondondozana, wina asakwere pa mnzake,
wosowa aoneke ndi malo ake,
ngati dzino loguluka.
Chachiwiri: chikhato chimodzi,
masoketi aime chilili, manambala akundiyang'ana.
Chapansi: kuchokera kunsonga ya chala kufika pamfundo ya dzanja,
muonjezepo pang'ono chifukwa cha nyundo yaikulu.
Chisafike pachigongono.
Pamene diso silifika, dzanja limapita lokha,
ndipo dzanja lopita lokha limabwerako ndi magazi.

Kuchokera kutsogolo kukafika kumbuyo
lisapose kampata ka kuseri kwa mpando wa pikapu yanga,
ndayeza ndi chingwe, nachi, pali mfundo apa.
Ndipo kumbukirani msana uwu.
Wakwanitsa zaka makumi asanu ndi ziwiri
ukugona pansi pa magalimoto a eni ake.

Alufandika wapukusa mutu.
"Lata litsala lambiri."
Litsale, mupange mbaula.
"Mtengo ndi womwewo."
Taseka, takangana, ndachotsapo mametikali mazana awiri,
iye wabwezapo zana limodzi la mahinjesi.

Chimene sindinamuuze ndi ichi.
Dzulo ndidalitembenuza bokosi lakale lija,
ndidapala pansi pake ndi sikuludilaiva,
girisi wouma adatuluka ngati chikhokho cha m'poto.
M'katimo munali ma teni anayi.
Anayi.
Limodzi lili ndi utoto wachikasu pakhosi,
lomwe lija ndidathamangitsira Jerivaziyo chaka chatha,
pamaso pa makasitomala, ndikumutcha dzina loipa,
iye akulumbira, manja m'mwamba, ovolosi ikumukhwepa.

Akuti masiku ano amamata matayala
pafupi ndi msika wa ku Matundo.
Bokosi latsopano lituluka Lachisanu.
Loweruka ndiika teni wachikasuyo m'thumba la malaya,
pamene dzanja lingamufike msanga.
Mawu oyambira ndiwo sindinawapeze,
ali pansi kwambiri.