Mphika wa Mabatani Khumi ndi Awiri

Gulu lathu litagawana ndalama mu Juni
anzanga anathamangira malata ndi zitenje.
Ine ndinamanga yanga pamchombo
n'kukwera minibasi ya ku Dedza boma,
mphepo ya m'phiri ikuboola juzi
ngati jakisoni amene ndimabaya ana Lachiwiri.

M'sitolo inalipo itatu pashelefu.
Wofiira ngati tomato wa pa Lizulu, wotchipa,
koma chivundikiro chikugwedera ngati dzino la mwana.
Wakuda, wodzimva,
mtengo wake wa ng'ombe ya bere.
Wachitatu wotuwa, wopanda matama,
unangoti duu, kundiyang'ana ndi mabatani khumi ndi awiri.

Mnyamata wogulitsa, pakamwa pali uchi:
"Mayi, uwu umaphika, umakazinga, umapera,
umakanda ufa wa mandasi,
umasunga chakudya chofunda mpaka mubwere."
Ndinati, achimwene, nkuyu nayo imakoma kunja.
Umadya mayunitsi angati?
Mphira wa pachivundikirowu ukatha ndikaupeza kuti?
Anakanda m'mutu. "Ku Lilongwe. Mwina ku Joni."
Ndinanenerera mpaka dzuwa kupendeka,
anachotsa faifi sauzande
n'kuikapo chipande chapulasitiki cha basela.

Ku Bembeke, Ndaziona anatambasula kabuku kake.
Zilankhulo zisanu ndi ziwiri, chathu mulibe.
Zithunzi za zakudya zomwe sitinazilotepo,
koma batani la nkhwani wotendera palibe,
la mfutso palibe.
Tinangoti nyemba ndi nyemba, dina apo.

Kholophethe uja amadya makala a tsiku lonse
anapsa ndisanamalize kusita yunifolomu.
Mphika unalira katatu, tii, tii, tii,
kulira kwa makina a kuwodi,
mtima unadumpha, miyendo n'kuyamba kufuna wodwala.

A Nasibeko anasuzumira pampanda:
"Ndiwo zosanunkha utsi zingakome?"
Ndinawapakulira m'kambale.
Anadya, ananyambita chala, anayang'ana kumwamba,
n'kuti, "Mchere wachepa."
Sananame.
Mphikawu ukatseka pakamwa sulola munthu kulawa.
Dzanja langa, lozolowera kuvundukula,
kudonthezera kamsuzi pachikhatho,
linangolendewera m'mbali ngati lova.

Loweruka, alamu a ku Mtakataka ali pampando,
nkhuku ndi kachewere zili m'kati,
manambala akutsika, ine ndikucheza ngati bwana,
magetsi thimu!
Mphika unatsinzina.
Nthunzi ili m'mimba, chivundikiro chinakana kutseguka,
nkhuku yanga m'ndende, belo palibe.
Bambo a Ndaziona sanaseke mokweza.
Anatuluka osanena kanthu,
anabwera atanyamula mbaula ija ndinaiponya kuseri kwa bafa,
dzimbiri m'mbali, kangaude atamangamo kale nyumba.
Tinadya naini koloko, maso ali psuu,
alamu akuti, "Yakoma. Ndi ya m'makina ija?"
Ndinangowonjezera msuzi m'mbale mwawo.

Lero ziwirizi zimagona khitchini imodzi
ngati akazi apamitala amene anatopa n'kukangana.
Ndikamapita ku naiti ndimathira zonse,
ndimadina batani lachinayi, n'kupempherera a magetsi.
M'mawa ndikamalowa, mapazi atatupa,
fungo la mankhwala likadali m'tsitsi,
phala la ana lili lofunda, likundidikira,
ndipo ndimakhala pansi.
Zaka khumi ndi zitatu ndisanakhalepo pansi m'mawa.

Mabatani asanu ndi awiri sindinawakhudzebe.
Limodzi Ndaziona akuti ndi la keke,
tidzaliyesa akadzakhoza mayeso.
Mchere ndimathira pamapeto, ndi zala zanga.
Thumba la makala likafika pakati
ndimatuma mwana kumsewu.