Lilime la m'Paipi

Zaka zisanu ndi zinayi ndinali lilime la dziwe ili.
M'mamawa, apumbwa asanayambe mkangano mumkuyu,
ndinkagwada pamasitepe,
kutunga madzi m'kabotolo,
madontho asanu, kugwedeza,
kukweza m'mwamba kuti dzuwa la ku Senga Bay lindiwerengere.
Akafiira ngati chidede, asidi kachikho kamodzi.
Akachita chikasu, ndinkawasiya apume.

Chaka chatha bambo Kaphwereza anatsika ku Lilongwe
ndi mnyamata wa ovolosi yosadetsedwa.
Anakhoma kabokosi koyera m'kanyumba ka pampu,
nalowetsa zala ziwiri zagalasi m'paipi.
Mchere ndinakatenga ndine ku Kamuzu Road,
matumba khumi ndi awiri,
mpaka wakabaza anandifunsa ngati kwathu kuli ukwati.
Nyanja ili apo, mwana akhoza kuthamangirako osapuma,
madzi ake ozizira, opanda mchere,
ife tikukoleza dziwe ngati ndiwo.

Mnyamata uja anandilongosolera mwaulemu:
magetsi akadutsa pa timbale tachitsulo
mchere umabala kolorini,
kolorini akapha ndere abwerera kukhala mchere.
Ndinati, ngati ndalama ya banki m'khonde,
imapita, imabwera.
Anaseka. Ine ayi.

Kuyambira pamenepo kabokosi kamalawa kokha,
usana, usiku, ngakhale pa Idi.
Kakamva kuti madzi akwera
kapampu kake kamati tiki, tiki, tiki,
kudontheza asidi ngati diripi ya kuchipatala,
kenaka uthenga ulendo wa ku Lilongwe,
kukagwa m'foni ya bwana ali pamsonkhano.
Nambala yobiriwira: 7.4.
Ine anandipatsa chikwanje ndi kapinga,
malipiro anaphwa pang'ono ngati chithaphwi cha mu Meyi.

Mwera utayamba, fumbi linadzaza makonde.
Ana a bwana anabwera kutchuthi ndi msuweni wawo.
Tsiku lachitatu Yamikani anatuluka m'madzi
maso ali psuu, akudzikanda m'khwapa,
ndipo pansi pa dziwe, pomwe ndinkawerenga matailosi,
panali mbuu ngati madzi otsukira mpunga.
Ndinalowa m'kanyumba.
7.4.
Kabokosi kali duu, nkhope ya munthu wosalakwa.

Kabotolo kanga sindinataye.
Kankagona m'thumba la jekete, kumbuyo kwa chitseko.
Madontho asanu, kugwedeza.
Chidede weniweni.

Ndinazimitsa pampu, kumasula chala chagalasi chija.
Chinali chitavala njereza,
choyera, chokhuthala, ngati lilime la wodwala malungo.
Ukadwala chotero chakudya chilichonse n'chimodzimodzi.
Sikanali kunama kabokosi,
kankangonena zomwe kanalawa komaliza.

Ndinatenga mswachi wakale wa mwana wanga Rukiya,
uja wa chogwirira chothyoka,
ndi viniga wa kukhitchini,
n'kutsuka pang'onopang'ono monga amatsukira khanda.
Nditabwezera, nambala inadzidzimuka,
7.9, 8.2,
kapampu kanayamba kutsokomola asidi mwamanyazi,
tiki-tiki-tiki mpaka masana.

Foni yanga inalira ndikutchetcha.
"Amidu, waona? Andiuza kuti madzi anakwera,
ndipo akonza kale okha.
Makina amenewa sagona!"
Ndinayang'ana mswachi uli pazenera, ukuuma.
Ndinati, "Indedi, bwana."

Tsopano Lachisanu lililonse, ndisanapite kumzikiti,
ndimatseka chitseko cha kanyumba,
ndimatsuka lilime la mnzanga uja.
Sitiyankhulana.
Iye amadziwa nambala, sadziwa mwera,
sadziwa kuti mkuyu ukayoyola asidi amatha msanga,
kapena kuti msuweni uja amakodzera kozama.
Ine ndimadziwa, koma foni ya bwana siindimva.

Dzulo ndinanyambita chala nditachotsa masamba.
Mchere wake ndi wochepa,
wonga wa thukuta la munthu wogwira ntchito ya awiri.
Matailosi onse akuoneka,
mpaka ija yosweka pakona
imene palibe anaionapo kupatula ine ndi achule.