Kadontho Kopanda Liwu

Pansi pano, mu Joni, ndinaphunzira kusoka pakamwa.
M'tekisi ya ku Germiston ndimaloza ndi chala pofuna kutsika,
kuopa lilime lingandigulitse,
wina angafunse: kwanu n'kuti, iwe?
Zaka zisanu ndi ziwiri ndayenda m'mbali mwa makoma,
wodziwa njira zonse, wosafuna kudziwika.

Kumwamba malamulo ndi ena.
Mayi Koekemoer, amene anandiphunzitsa kuuluka,
ankandigogoda pabondo ndi cholembera:
"Dzonzi, lankhula.
Dzina lako, pamene uli, kumene ukupita.
Wokhala chete kuno ndi maliro oyenda okha."

Lero mpando wawo uli pululu.
M'mawa wa Julaye, zala zauma ndi chisanu,
udzu ukupsa cha ku Alberton
ndipo utsi wafunditsa mzinda bulangeti lakuda ndi litsiro.
Milu yachikasu ya migodi yatulutsa misana ngati ng'ombe zogona,
nsanja ya Hillbrow yabaya nkhungu.
Pansipo msewu wathina, galimoto mphuno pambuyo pa inzake,
aliyense dzanja pa hutala.
Kuno kulibe hutala.
Kulibe mzere woyera, kulibe roboti, kulibe wapolisi wokweza mkono.

Kabokosi kanga ka pambali pa chiwongolero,
kamene kanadya malipiro a miyezi itatu,
kati tswi, tswi.
Pagalasi pabadwa kadontho,
kumanja kwanga, mapazi mazana atatu pamwamba,
kakutsika.

Ndidina batani, mmero gwa:
"Zulu Siyera Kilo Tango,
kum'mwera kwa damu, mapazi zikwi zisanu ndi ziwiri,
ndikubwerera kubwalo.
Inu muli kumanjaku, kodi mwandiona?"

Wailesi ingoti shiii,
mafuta m'chiwaya chopanda mbatata.

Ndibwerezanso.
Zii.

Kadontho kanenepa. Mazana awiri. Zana limodzi.
Maso anga amatirira pagalasi ngati ntchentche pa chilonda,
mpaka bondo likumbuka cholembera:
"Kabokosi kamakuuza koyang'ana, sikakuyang'anira.
Maso kunja!"

Ndipendeketsa phiko, ndikankha mphuno pansi,
mimba ikwera kukhosi,
ndipo uyo,
woyera, mzere wobiriwira m'nthiti,
wadutsa pafupi moti ndaona chipewa chake chofiira,
ndaona ndevu, ndaona milomo.
Milomo ikuyenda.

Munthuyo akulankhula!
Mwina wakhala akulankhula chinyamukireni,
mwaulemu, mwadongosolo, dzina ndi malo ndi njira,
koma chala chinaphonya nambala imodzi pa wailesi,
ndipo mawu ake onse akugwera m'chipinda
mopanda munthu.

Sindinam'tukwane.
Matayala atapsompsona phula, ndinazimitsa injini,
ndinakhala pamenepo, manja akuvina okha pantchafu,
ndikumva chitsulo chikuzizira, the, the, the.
M'buku ndinalemba ola limodzi ndi mphindi khumi.
Malo olemba mantha mulibe m'bukumo.

Madzulo, tekisi yomwe ija, mpando wakumbuyo.
Mtsikana pambali panga waphimba foni ndi chikhatho,
akunong'oneza ngati wakuba:
"Amayi, ndalama nditumiza Lachisanu, musadandaule."
Chichewa chosalala, cha kumapiri kwathu,
chopindidwa kanayi kuti chikwane m'dzanja.

Ndinamva tswi, tswi, pansi pa nthiti.

"Muli bwanji, achemwali?
Ndine Dzonzi, wa ku Ntcheu.
Nditsika pa Primrose."

Mawu anatuluka okwera kuposa mmene ndinafunira.
Makosi awiri anatembenuka.
Dalaivala anandiponyera diso pagalasi.
Mtsikanayo anaumitsa khosi, kuyang'ana pawindo,
foni atayikumbatira pachifuwa.

Tinadutsa roboti yoyamba.
Shiii.
Tinadutsa yachiwiri, pa garaja, pamene amagulitsa malalanje m'matumba ofiira.

Kenako, osatembenuka,
motsitsa, ngati wailesi ya batire lotha:
"Nanthambwe. Wa ku Dedza.
Ine ndipitirira."