Mapazi Khumi ndi Anayi

Tinayamba ndi kuzula mpiru.
Pamenepo a Kadzamira, mmisiri wa kuno ku Bembeke,
anakhoma zikhomo zinayi n'kukoka chingwe,
pensulo ili kukhutu.
Anati mpichesi ugwe.
Ndinati mpichesiwo ndinabzala chaka chimene Lonjezo anasiya bere,
khoma ndilo lipatuke.
N'chifukwa chake chipindacho n'chopotoka pang'ono,
ngati munthu wotchera khutu.

Njerwa tinaumba kudambo, mu Ogasiti wa fumbi.
Malata asanu ndi atatu ndi thukuta la ku Joni,
ndalama zolowa pafoni pakati pa usiku
ndi mawu akuti: Amayi, Disembala ndikubwera,
musadzandigoneke pabalaza ndi matumba a mbatatesi.

Odutsa m'njira ankasuzumira pampanda.
Gowelo? Okala? Kapena mwapeza wa lendi?
Nangozo anati nyumba yaikulu ikabala mwana kuseri
pamakhala nkhani.

Disembala anabwera yekha, ndi mvula yake.
Mapepala, Amayi. Pa Isitala.
Isitala tinaimba, tinabalalika.
Bambo ake anayamba kuyeza chitseko ndi maso:
mbewu ingagone bwino muno, feteleza, njinga.
Kiyi ndinamumangirira kunsonga ya chitenje.

Ndiye usiku wina wa Juni,
chisanu chotsika m'phiri chikuboola bulangete,
adzukulu atatu akulimbirana mphasa m'tulo,
wailesi ikulankhula yokha, mkonono ukuiyankha,
ndinatenga tochi.

Mapazi khumi ndi anayi kuchoka pakhonde.
Ndinawerenga.
Udzu unali wozizira ngati mpeni.

M'katimo munkanunkha laimu
ndi utomoni wa matabwa a paini.
Palibe anandiitana.
Palibe anafunsa kumene kuli machesi,
kapena amene wamaliza shuga.
Ndinakhala pabedi la mwana wanga,
manja ali pamaondo, akusowa chogwira.
Zaka makumi asanu ndi mphambu zisanu ndi ziwiri,
ndinali ndisanatsekepo chitseko
n'kupezeka ndekha kuseri kwake.
Nthambi ya mpichesi inkakanda lata,
kanda, kanda,
ndipo sindinadzuke kukaona.

Lero muli makina anga osokera,
kapu imodzi yobenthuka mlomo,
ndi magalasi amene kale ankasowa tsiku lililonse.
Adzukulu aphunzira kuima pa phazi lachikhumi ndi chitatu
n'kunena odi.
Bambo awo aakulu sanaphunzirebe,
amangotsokomola panja.

Dzulo waimbanso, mawu akudukaduka.
Chipinda changa chilipo, Amayi?
Chilipo, mwanangu, ndimasesamo m'mawa uliwonse.
Sindinamuuze kuti katani ndinasintha,
kuti bedi linasunthira kuzenera
kumene dzuwa limafikira likatuluka m'nkhungu.

Foni itaduka ndinazungulira kuseri kwa khola.
Mpiru watsala mizere inayi.
Ndinayeza ndi mapazi, mbali iyi, mbali iyo.
Pakwana china.
A Kadzamira akuti njerwa zakwera mtengo,
koma iye akadzabwera, ngati adzabwere,
sadzagona ndi mbatatesi.