Mpanda wa Ubongo

Pakatha milungu itatu, Lachiwiri m'mawa,
timakwera sitima ya mumsewu
yodutsa padoko la Gdańsk
pomwe Zdzisław anawotcherera zombo zaka makumi atatu.
Sayang'ananso kumeneko.
Amayang'ana mawondo ake.

Chinayambira m'ntchafu,
kachotupa kosapweteka, kobisala m'mnofu.
Iye ankati ndinadzigunda pamakwerero.
Dzina la khansayo ndi lalitali,
dokotala Wieczorek anachita kutilembera papepala
nati imagwira mmodzi pa anthu miyandamiyanda.
Zdzisław anaseka:
chibadwire sindinasankhidwepo pa chilichonse,
lero ndiye mwayi wandigwera.

Inatha miyezi khumi ndi inayi.
Kenaka timadontho titatu toyera
pachithunzi cha mutu wake.

Akuti ubongo uli ndi mpanda,
ndi mlonda wosagona wobweza alendo.
Mankhwala ambiri amafika pachipata n'kubwerera.
Nanga nthendayi inalowera pati? ndinafunsa.
Dokotala anavula magalasi,
nawapukuta nthawi yaitali.

Namwino Halszka amavala magolovesi awiriawiri
asanagwire mankhwala ofiira aja,
ofiira psuu ngati msuzi wa bitiruti.
Chimene iye akuopa kukhudza ndi chala
ndicho tikuchilowetsa mumtsempha wa mwamuna wanga,
dontho,
dontho,
ife n'kumathokoza.

Tsitsi ndinasesa ndekha kubafa.
Nsidze zinapita osatsazika.
Mkate akuti ukumveka dzimbiri,
tiyi nayenso dzimbiri,
ndipo ndowa imagona pafupi naye kuposa ine.

Tsopano mawu akumuthawa.
Dzulo anapempha kiyi, akuloza supuni.
Madzulo anandiyang'ana, milomo ikufunafuna,
nanditcha zenera.
Ndinavomera.
Ndakhala Bogumiła zaka zokwanira,
ndingathe kukhala zenera
bola aziyang'ana kuno.

Panja chipale chofewa chakwirira magalimoto.
Mwana wathu amaimba foni ali ku Bergen,
amafunsa manambala a magazi,
ndimamuwerengera ngati mitengo ya m'sitolo.
Funso lenilenilo sitilikhudza.

Koma dzanja silinaiwale.
Usiku, pabulangete,
chala chake chimayenda pang'onopang'ono,
osanjenjemera,
kulumikiza zitsulo ziwiri zimene ine sindikuziona.
Ndimagwira mpweya.
Sindimudzutsa kuti amwe mapiritsi a folo koloko,
msokowo ungadukire pakati.